Dzanja la Kholo Lina

Tsiku loyamba kugwira tabuleti ndinaikanikiza ngati ndikupha nsikidzi. Wotiphunzitsa pa wokishopu, bambo wina wa ku Lusaka wa khosi lonenepa, anaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti, "Ba madamu, ingoikhudzani chabe, si bolodi iyi." Holo yonse inafa ndi phwete, nanenso ndinaseka. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikukanda khoma ndi choko, mumati zala zikhale zotani? Koma pofika Lachisanu, aja ankandiseka aja ankabwera pampando panga kudzafunsa kumene chithunzi chimabisala ukachijambula. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti wina asadzakuuzeni kuti mayi uja analephera makina. Sindinalephere ine.

Wokishopu imeneyo inachitikira ku boma, ku Rufunsa, sabata yathunthu pa holide. Bungwe lina linabweretsa matabuleti ndi masola m'masukulu a m'zoni mwathu, ndipo sukulu iliyonse inauzidwa kutumiza aphunzitsi awiri. Sukulu yathu ili mkati kwambiri, njira ya ku Shikabeta, kumene galimoto ikalira ana amatuluka m'kalasi osapempha. Ba hedi anasankha ine, poti ndine wamkulu pa aphunzitsi a ana aang'ono, ndi mtsikana wina amene anthu a kwathu ankangomutcha wa ku Lusaka.

Mtsikana ameneyu anabwera zaka zitatu wokishopu isanachitike, atangochoka ku koleji. Minibasi inamutula pamphambano ya msewu wa tala ndi sutikesi ya mawilo, ngati kuno kuli simenti yokokapo. Amene anapita kukamutenga ndi amuna anga. Anamanga katundu wake pa njinga n'kumakankha, iye akutsatira m'mbuyo nsapato zili m'manja. Nyumba ya sukulu yoti alowemo panalibe, choncho anagona kwathu matemu awiri, m'chipinda cha mwana wathu wamkazi amene anali atakwatiwa. Mwezi woyamba ankalira tsiku ndi tsiku. Ndinamuphunzitsa kusonkha moto wa nkhuni, kusefa madzi a pachitsime, ndi mawu ochepa a Chisoli oti ana azimumva. Anayamba yekha kunditcha mayo, amuna anga n'kumawatcha atate. Chaka chilichonse ankalemba kalata yopempha kuti amusamutse, ndipo ine ndi amene ndinkamukonzera Chingelezi chake. Sindinaone cholakwika. Kuno n'kovuta kwa munthu wobadwira pa magetsi.

Kutatsala chaka kuti tipite ku wokishopu, amuna anga anagwa kumunda akukolola chimanga. Sitiroko. Mbali yakumanja inafa, mwendo ndi dzanja. Ku chipatala cha mishoni ku Mpanshya anawapulumutsa, Mulungu awadalitse anthu aja, koma anatiuza mosabisa kuti ziwalo zimabwerera ngati munthu akubwera sabata iliyonse kudzaziwongola. Sabata iliyonse! M'chilimwe tinkayesetsa. Tinkawakweza pa honda, njinga yamoto ya hayala, ine n'kuwamangirira kwa woyendetsa ndi chitenge kuti asagwe, iwo akudandaula kuti ndawabereka ngati khanda pamaso pa anthu. Koma mvula ikagwa mitsinje iwiri ya panjira imadzaza, ndipo honda siwoloka. Nanenso ndinali nditalemba kalata yopempha kusamukira pafupi ndi chipatala. Yankho linali loti akuiona.

Ndiye mundimvetse mmene mtima wanga unadumphira tsiku lomaliza la wokishopu, bambo wa khosi uja atanena kuti pakatha chaka adzasankha mphunzitsi mmodzi m'zoni iliyonse, amene wapanga maphunziro ambiri ndi abwino pa tabuleti, kuti akhale wophunzitsa aphunzitsi anzake. Anati wa zoni yathu adzakhala pa sukulu yaikulu ya pafupi ndi Mpanshya, ndipo nyumba ilipo kale. Nyumba imeneyo ndinkaidziwa. Ili ndi mtengo wa mango kumaso, ndipo ukaima pakhonde umamva belu la ku mishoni. Kuchokera pamenepo munthu angathe kukankha wodwala pa wilibala mpaka kuchipatala tiyi asanazizire.

Mu minibasi pobwerera ndinamugwira bondo mtsikana uja. Ndinati, "Mwana wanga, wamva? Nyumba ija ndi yanga. Atate ako ayendanso."

Iye anati, "Ni yanu mayo. Nanga ingakhale ya ndani?"

Panali kanthu kamodzi kamene sikanayende bwino sabata imeneyo, ndipo ndinakapeputsa. Kuti utsegule tabuleti n'kuyamba ntchito, mphunzitsi aliyense amalowa pa dzina lake ndi pasiwedi yake. Koma poyamba penipeni amakutumizira nambala pa foni. Ba hedi polembetsa anapereka nambala yanga yakale, ya foni imene inagwera m'chitsime kalekale. Anzanga onse mafoni awo analira, yanga zii. Bambo uja anati, "Tizakonza ba madamu, manje khalani na mnzanu." Ndinakhala ndi mnzanga sabata yonse. Lachisanu ndinamukumbutsa, iye n'kulemba nambala yanga yatsopano pachikhatho chake ndi bolopeni. Ndikhulupirira anasamba m'manja asanadye.

Titabwerera kusukulu ndinadikira sabata ziwiri, dzina langa osatseguka. Tsiku lina mtsikana uja anandipeza ndikung'ung'udza mu sitafurumu. Anati, "Mayo, musavutike. Ngenani chabe pa dzina langa, ni chimodzimodzi. Akabwera nizakamba kuti nchito ni yanu." Anandilembera pasiwedi yake pachikuto cha rejisitala yanga.

Lero anthu amandifunsa kuti inu mayi wamkulu munavomera bwanji. Ndimawayankha kuti bwerani mudzakhale pa nyumba za aphunzitsi kuno mwezi umodzi. Pano timabwerekana chilichonse, sefa, pampu ya njinga, moto, ngakhale nsapato zopitira ku boma. Munthu akalima ndi khasu lobwereka, kodi munda umasanduka wa mwini khasu? Ine ndinaona dzina lija ngati khasu. Chinanso, moyo wanga wonse wa uphunzitsi, akuluakulu akafuna kudziwa ngati ukugwira ntchito amabwera okha. Amakhala kumbuyo kwa kalasi pa desiki ya mwana, mawondo ali m'mwamba, amatsegula mabuku ako okonzekera, amafunsa ana mafunso, kenako amafunsa ba hedi. Ndinkadziwa kuti tsiku losankha likadzafika adzatero, ndipo aliyense pasukulu, mpaka alonda, adzanena kuti wa tabuleti ndi mayi uja.

Maphunziro ake ankapangidwa chonchi. Umajambula zithunzi kapena kavidiyo, n'kuikapo mawu ako, ndipo ana amaonera ndi kuyankha. Anzathu ambiri ankangojambula tsamba la buku n'kuwerenga mokweza. Ine ndinati ayi, ana anga a giledi wani sadziwa maapulo a m'buku. Ndinaganiza zophunzitsa kuwerengera, kuphatikiza ndi kuchotsera ndi mtedza. Vuto linali loti manja anga awiri agwira tabuleti, tsono wosuntha mtedza ndani? Apo ndinakumbukira kuti mayi wowongola ziwalo kuchipatala anatiuza kuti amuna anga azitola nyemba kapena mtedza ndi dzanja lodwalalo tsiku lililonse. Iwo ankakana, ati ndi masewera a ana. Ndinawauza kuti, "Inu, boma likufuna dzanja lanu." Anandiyang'ana, n'kunena kuti ngati ndi boma abweretse mphasa.

Choncho masana alionse ndikaweruka tinkayala mphasa pakhonde. Ine ndaima ndi tabuleti, iwo akhala pansi, mtedza uli pakati. Ndinkati, "Taonani ana inu, taonani bwino, pano pali mtedza usanu. Ba shikulu atengapo uwiri. Watsala ungati?" Shikulu kuno ndiye agogo aamuna. Poyamba chala chachikulu ndi chinzake chimodzi ndi zimene zinkagwira. Mtedza unkathawa, iwo n'kuutukwana, ine n'kumaseka mpaka chithunzi kugwedera, tiyambirenso. Phunziro limodzi linkatitengera masiku atatu. Koma pofika nyengo yozizira zala zitatu zinkatseguka, ndipo mvula isanayambe chachinayi chinatsatira. Anafika poti ndikamabwera kuchokera kusukulu ndinkawapeza atasamba kale dzanja lija, atalidzoza mafuta, zikhadabo zowengedwa. Ati dzanja la pa TV siliyenera kutuwa. Pa chala chachikulu ali ndi chipsera cha nkhwangwa cha paunyamata, ndipo ana m'kalasi akangochiona ankakuwa kuti, "Ba shikulu! Ba shikulu!" Ana amene ankagona pa masamu anayamba kulimbirana kukhala kutsogolo.

Ndisamunamizire mtsikana uja, ntchito yake inalipo. Ndiye ankatchaja matabuleti, sola ikavuta ndiye ankakwera padenga, ndipo tabuleti ikauma ndiye ankaidzutsa. Maphunziro anapangako awiri kapena atatu a kalasi yake, basi. Ndipo Lachisanu lililonse ndiye ankanyamula matabuleti kupita nawo paphiri la kuseri kwa tchalitchi, pamene pokha pamagwira netiweki, kuti zimene tapanga zipite ku Lusaka. Mawondo anga sagwirizana ndi phiri limenelo. Akatsika ndinkamufunsa ngati kuli uthenga. Ankati, "Kulibe mayo, netiweki yenze yovuta." Ndinadzamva pambuyo pake kuti mauthenga ankabwera mwezi ndi mwezi, omuyamikira, omutchula kuti ndi nyenyezi ya zoni, ena omupempha chilolezo chogawira maphunziro ake masukulu ena. Ankawerenga ali paphiri, n'kuyankha, n'kutsika kudzadya kwathu.

Za dzina langa ndinayesako kamodzi. Ndinapita ku boma tsiku lina kukafuna bambo wa khosi uja, ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, kenako wina anandiuza kuti anthu a bungwe limenelo amabwera mwa apo ndi apo. Ndinataya tsiku, amuna anga atsala okha kunyumba. Ndinati basi, ndilibe tsiku lina lotaya. Mwana wanga alipo, adzanena.

Chaka chitatha, titakolola, uthenga unabwera woti akubwera Lachitatu. Lolemba ndi Lachiwiri ndinakolopa kalasi ndi ana, ndinapachika matchati atsopano, mabuku anga okonzekera ndinawasanja patebulo mwa matemu ake. Kumbuyo ndinaikako mpando weniweni wa mu ofesi kuti mlendo asapinde mawondo. Amuna anga anandisitira okha bulauzi ndi dzanja lamanzere, inapsa pang'ono m'mphepete koma ndinavala.

Galimoto inafika cha m'ma teni. Munatuluka bambo wa khosi uja ndi mayi wina wa magalasi. M'kalasi mwanga sanapondemo. Sanapemphe buku, sanafunse mwana. Anatiitana tonse mu sitafurumu, anatsegula laputopu, ndipo mayi uja anawerenga kalata. Anati sukulu yathu yaposa masukulu onse a m'zoni chifukwa cha mphunzitsi mmodzi, ndipo anatchula dzina la mtsikana uja. Anthu anaomba m'manja mwa mantha, maso ali pa ine. Ine ndinali ndisanadandaule. Ndinamuyang'ana ndikumwetulira, ndikuti tsopano aima anene. Anali atawerama, akukanda utoto wa pa chikhadabo.

Kenako bambo uja anati, "Koma pali chimodzi chotikhumudwitsa. Pano tinaphunzitsa aphunzitsi awiri. Wina sanalowepo ngakhale kamodzi chaka chonse." Anatembenuza laputopu kuti tonse tione. Pa dzina langa panali mzere wopanda kanthu. Anati, "Ba madamu, tikudziwa kuti kwa akuluakulu zinthu izi n'zovuta, koma tiziyesako."

Mayo ine! Ndinaimirira mwamphamvu mpaka mpando unagwa kumbuyo. Ndinati, "Bambo, nambala yanga munailemba pachikhatho chanu, munaipititsa kuti? Dzina langa simunalitsegule. Maphunziro onse amene mukuwatamawo ndapanga ndine, pakhonde panga, ndi mtedza wa m'munda mwanga. Mawu amene ali mmenemo ndi anga. Tsegulani limodzi mumve!"

Sanatsegule. Mayi wa magalasi anavula magalasi n'kufunsa mtsikana uja modekha kuti, "Kodi n'zoona? Munapereka pasiwedi yanu kwa munthu wina?" Asanayankhe anawonjeza kuti tonse tinasaina pepala loletsa zimenezo, ndipo ngati zinachitikadi, zotsatira za sukulu yathu zifafanizidwa, matabuleti abwerera nawo lero lomwe kuti akapatse sukulu ina.

Mtsikana uja anadzutsa mutu, koma sanayang'ane kwa ine. Anati, "Iyayi. Ba madamu amanithandizako chabe. Nthawi zina nimawapempha kuti akambe mawu chifukwa adziwa Chisoli."

Ba madamu. Zaka zinayi ndili mayo, tsiku limenelo ndinasanduka ba madamu.

Ndinatembenukira kwa ba hedi, munthu amene ankabweretsa alendo m'kalasi mwanga kudzawaonetsa dzanja la amuna anga. Anali akuyang'ana kalendala ya pakhoma ngati aiona koyamba. Kenako anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Amayi, chonde, ganizirani ana. Akatenga matabuleti sabweranso. Khalani pansi, tilemba kalata." Rejisitala yanga inali m'manja mwanga, pasiwedi ija ili pachikuto, yolembedwa ndi dzanja la mtsikanayo. Ndikanangoitembenuza basi. Koma ndikanapindula chiyani? Nyumba sakanandipatsa, ndine wophwanya lamulo. Ana anga akanabwerera ku maapulo a m'buku. Ndinadzutsa mpando wanga n'kukhala. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino, ndimangodziwa kuti ndinakhala pansi.

Galimoto itapita ndinamutsatira kunyumba kwake. Ndinalowa osaodira. Makatoni anali omanga kale ndi zingwe, makatani ochotsa, sutikesi ya mawilo ija ili pakhomo. Munthu samanga katundu yense uja ola limodzi.

Ndinati, "Unadziwa liti?"

Anati, "Mwezi watha."

"Ndipo dzulo unadya kwathu. Unawathandiza atate ako kusamba m'manja."

Anayamba kulira. Anati, "Mayo, imwe mwatsala pang'ono kupuma nchito. Ine nili na zaka zambiri kutsogolo. Nalemba makalata, palibe oyankha. Nikakhala muno nizakalamba muno. Nenze kufuna kukamba, koma mwamvera mweka, sembe batenga matabuleti yonse."

Ndinati, "Usandiuze za lero. Lero anakutsekereza pakona, ndamva. Ndiuze za miyezi khumi ndi iwiri imene unkakwera phiri. Uthenga woyamba utabwera, bwanji sunayankhe kuti mwalakwitsa, mwini ntchito ndi wina, mutsegulireni dzina lake? Mawu angati amenewo?"

Anangoti adzatithandiza, tikamabwera kuchipatala tizifikira kwake, chipinda chilipo. Apo ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinamuuza mawu amene sindingalembe pano, ndine mayi wa mumpingo. Aneba anamva. Ndimachita nawo manyazi mawu amenewo, koma sindinawabweze.

Kunyumba amuna anga anali pakhonde, dzanja lodzoza kale, kudikira nkhani. Kuchipatala anatichenjeza kuti bipi yawo isamakwere. Ndinawayang'ana n'kunena kuti, "Asankha mwana uja. Ati akufuna wachinyamata wodziwa makompyuta." Anati, "Aa, chabwino. Sizinapite kutali, zagwera m'nyumba mwathu momwe. Kupatsa n'kuika, mayi. Mwana ameneyu sadzatiiwala." Ndinalowa kukhitchini n'kuyamba kutsuka mapoto otsuka kale. Limenelo linali bodza langa loyamba kwa iwo pa nkhani imeneyi.

Kalata ya ba hedi sinalembedwe. Ndikawakumbutsa ankati tidikire zinthu zizizire. Ine tabuleti ndinaisiya. Ana ankaonerabe maphunziro akale, koma atsopano sindinapange, mtima unakana. Apa ndiye pali mlandu wanga, ndipo ndiuvomera. Nditasiya kujambula, amuna anga anasiya kutola mtedza. Ndinkawakakamiza, iwo ankati, "Atolere ndani, boma linasiya kundifuna." Mvula ya chaka chimenecho inabwera yambiri, mitsinje inadzaza kuyambira Khirisimasi mpaka chimanga kucha, ndipo kuchipatala sitinapiteko miyezi itatu. Titapitanso, mayi wowongola ziwalo anagwira dzanja lija, anayesa kulitambasula, koma linakana. Zala zinali zitapindikira mkati ngati phazi la nkhuku yophika. Sizinatsegukenso.

Temu yachiwiri ili pakati, foni yanga inalira. Nambala yolowera pa tabuleti ija! Dzina langa analitsegula patatha zaka ziwiri. Tsiku lotsatira ba hedi anandipatsa kalata yondiitana ku maphunziro a tsiku limodzi pa sukulu ya zoni, a aphunzitsi amene atsalira m'mbuyo. Wophunzitsa sanachite kumulemba, tonse tinkamudziwa. Ndinati sindipita. Ba hedi anati ndi lamulo, dzina langa lili pamndandanda.

Amuna anga atamva anasangalala ngati ndikupita kuukwati. Anatulutsa thumba la mtedza wa chaka chimenecho n'kuyamba kuswa. Ndi dzanja limodzi munthu saswa mtedza bwinobwino. Ankauika pansi, n'kuupsinja ndi chikhatho chamanzere, n'kutola njere imodziimodzi. Ndinati ndikuthandizeni, anakana, ati mphatso ya mwana aswa okha. Zinawatengera masiku atatu kudzaza kapulasitiki ka shuga. Anati, "Ukamupatse, umuuze kuti atate akuti bwanji sabwera." Ndinaika m'chikwama ndikuganiza kuti ndikapatsa wa honda.

Sindinamupatse wa honda, ndinaiwala. Titafika maso anga anathamangira ku nyumba ija. Mango anali ataphuka maluwa, pazenera pali makatani amene ndinamusokera ndi makina anga. Ndili chiimire belu la ku mishoni linalira, pafupi kwambiri, ngati lili kuseri kwa khitchini.

M'kalasi tinalimo aphunzitsi ngati makumi awiri, ambiri a imvi. Iye analowa atavala suti, atanenepako. Atandiona anazizidwa, n'kunena kuti, "Mwauka bwanji ba madamu?" Ndinati, "Ndauka." Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pa desiki ya mwana. Anaphunzitsa bwino, ndisaname, mawu ake omveka, wodekha ndi okalamba. Anatiuza kuti chinthu choyamba, pasiwedi ndi ngati mswachi, subwereketsa. Anthu anaseka n'kulemba m'mabuku.

Itakwana nthawi ya chitsanzo anatseka mawindo, n'kuyatsa pulojekita. Anati ationetsa phunziro limene likugwiritsidwa ntchito m'masukulu ambiri tsopano. Pakhoma panaoneka mphasa yanga, ija yopsa pakona. Mtedza usanu. Mawu anali ake, anajambulanso, koma zonena zinali zanga mpaka kapumidwe. "Taonani ana inu, taonani bwino." Kenako dzanja linalowa kuchokera kumanja, lalikulu ngati chitseko, lonyezimira mafuta, chipsera cha nkhwangwa chili poyera. Linatambasuka, zala zinayi, n'kutola mtedza uwiri mosaphonya. Panali patatha miyezi yambiri ndisanalione dzanja limenelo lotseguka. Ndinaiwala kumene ndinali. Ndinamva m'maso mukutentha, ndipo ndinadzitsina pantchafu kuti ndisalire pamaso pake.

Phunziro litatha anafunsa ngati pali mafunso. Bambo wina wa ku sukulu ya kumsewu anafunsa za batire. Mayi wina anafunsa ngati nyemba zingagwire ntchito m'malo mwa mtedza. Ine ndinakweza dzanja. Anayang'ana mbali zonse kufuna dzanja lina, panalibe.

Ndinati, "Ba madamu, ine funso langa ndi laling'ono. Dzanja lili pakhomalo ndi la ndani?"

Ndikulumbira, akanangoti ndi la atate anga, kapena ndi la amuna anu, ndikanakhala pansi. Nyumba inali itapita kale, sindinkaifunanso kwa iye. Ndinkafuna mawu amodzi okha oti ndikawauze kunyumba.

Anati, "Ni la kholo lina la kumudzi. Tizigwiritsa nchito makolo, amathandiza maningi."

Anthu anagwedeza mitu, ena analemba. Ine ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa kapulasitiki kaja, ndinayenda pakati pa madesiki mpaka kutsogolo. Sindinakweze mawu, amene amandidziwa anadabwa. Ndinati, "Kholo limenelo landituma. Lati ndikupatse mtedza uwu. Laswa lokha masiku atatu ndi dzanja lamanzere, chifukwa ilo ukuonetsa anthulo silitsegukanso. Lati ndikufunse kuti bwanji subwera."

Manja ake anali lende, sanalandire. Ndinaika kapulasitikiko patebulo pafupi ndi pulojekita. Sindinanene china, za pasiwedi, za nyumba, ayi. Ndinabwerera pa desiki yanga n'kukhala mpaka maphunziro kutha, ndinasaina pepala la obwera, pa dzina langa.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Anali pakhonde, dzanja lija lili pamwendo, ndipo ndinaona kuti alidzoza mafuta.

"Walandira?"

"Walandira."

"Wati bwanji?"

Ndinavula nsapato, ndinakutumula fumbi ku chitenge. Ndinati, "Wati zikomo kwambiri atate, abwera pa holide."

Anamwetulira, n'kunena kuti ndiye tisunge nkhuku ija yofiira, tisaphe. Nkhukuyo ilipo mpaka lero, yakalamba, inasiya n'kuikira komwe. Holide iliyonse amandikumbutsa kuti ndisaigwire, ili ndi mwini wake.